M'mene Boaz Anasakira Apongozi Ake

Tamiwe, lemba monga ndikukambira, usandikonzere mawu ayi. Nkhani ndi ya mlamu wako Boaz, mwamuna wa mkulu wako Irene, uja amayenda ndi magalasi pakhosi ngati ng'ombe ya belu. Ine poti ndine agogo ake a mkazi wake, Boaz ndimamutcha mwamuna wanga, ndipo ndingamunene m'mene ndafunira, iye n'kumangoseka. Amene sangamunene ndi amako, Molly, mwana wanga, chifukwa ndi apongozi ake. Awiriwo n'kuonana m'maso komwe saonana.

Boaz kwawo n'ku Madzimoyo. Agogo ake anali aphunzitsi a mishoni, atate ake kalaliki pa ofesi ina m'tauni ya Chipata, iye kanthu ayi. M'banja lija nzeru zinkaphwa ngati chitsime m'chilimwe, pofika pa Boaz panatsala matope ndi Chizungu. Chizungu chokha ndiye anatola, cha pakamwa. Sukulu inamukana, poti nthawi imene anzake ali m'kalasi iye ali kuthengo ndi malegeni ndi ulimbo. Anadya mbalame mnyamata uja! Apumbwa, njiwa, mpheta, atimba, mpaka anamzeze amene munthu wolongosoka sayika pakamwa.

Atakula anayesa ntchito zambiri. Ananyamulako anthu pa njinga ku Chipata, mpaka tsiku lina anagwetsa mayi wina pamodzi ndi mazira ake amalonda pamtsetse, chifukwa maso anali kwa kabawi kumwamba. Anawetako zinziri nthawi ija aliyense ankati mazira a zinziri amachiza matenda onse. Zinzirizo anadya yekha, imodziimodzi, ati kulawa katundu.

Irene anakumana naye pa mpikisano wa makwaya. Mawu ali nawo, zimenezo sindimumana. Tsono anthu akwawo ndi Angoni, amalowola n'kutenga mkazi kupita naye kwawo. Koma m'khola la kwa Boaz munali mutamera bonongwe kalekale. Ndiye Mngoni wopanda ng'ombe anabwera kuno ku Chipangali kudzakhala chikamwini, m'kanyumba kaudzu kuseri kwa nkhokwe ya amako. Pamenepo ndi pamene anabadwira Sankhani, mwana wawo.

Ndisabise, amako nawonso ndi munthu wovuta. Ndinabala ndine, koma kumene anatenga khosi louma lija sindikudziwa. Masiku ano apongozi ambiri amadyera pamodzi ndi akamwini awo, ena mpaka kuimbirana foni. Molly ayi. Mkamwini asamuone nkhope, ndipo iye salankhula naye molunjika. Akakumana panjira, wina apatuke. Kawirikawiri wopatuka ndi Molly yemwe, mothamanga, kulowa patchire n'kukhala pansi chofulatira mpaka mkamwini adutse, kuti pambuyo pake akauze amayi anzake a chigwirizano cha kutchalitchi kuti pamudzi pake mwambo sunafe. Zokamba zonse zimadzera mwa wina. Umva, "Sankhani, kauze atate ako kuti mbuzi zalowa m'munda," pamene atate akewo ali pomwepo kuseri kwa chitseko, amva kale.

Ndiye kunabwera Mayi Millicent, munthu wokalambira ku Lusaka, n'kumanga loji paphiri lathu lija, pamwamba pamene tinkatola masuku ndi bowa. Nyumba zake zaudzu! Ife tikuvutika kuti tichoke mu udzu tilowe m'malata, iwo akumanga zaudzu kuti anthu achuma adzagonemo mosangalala. Alendo ake ndi azungu ndi anthu athu omwe a m'tauni amene anakhuta. Ndipo chimene amadzera ndi mbalame. Osati kudya ayi, kuona chabe. Munthu kukwera ndege, kuwoloka nyanja, kudzaima pansi pa msuku kukamwa yasa, khosi chagada, kuyang'ana ndiwo. Ndiwoyo n'kuuluka, iye n'kumwetulira, kubwerera ku loji kukadya masamba osaphika.

Mayi Millicent ankafuna munthu wodziwa tchire ndiponso Chizungu. Odziwa tchire tili nawo ambiri, odziwa Chizungu anathawira ku tauni, ndiye ntchito inagwera Boaz. Anamupatsa kabudula wa khaki, chipewa chotambalala, ndi magalasi aja oonera patali. Tsiku loyamba kutsika nazo kumudzi anayenda ngati nkhukundembo, mapewa tambalale, kuti aliyense aone.

Kuyambira pamenepo munthu amene anatha mbalame za ku Madzimoyo anasanduka m'busa wa mbalame. Analanda ana malegeni. Anauza amayi kuti asamasinje m'mawa, ati mtondo umadzidzimutsa nkhulukulu. Pakhomo anayamba kulankhula monong'ona. Ndinamuitana tsiku lina.

"Amuna anga, mwadwala pakhosi?"

"Iyayi agogo, pa ntchito yathu phokoso ndi mdani."

"Nanga kuja munkakuwa pa kwaya ngati mbuzi yopanikizika pampanda?"

"Zinapita zimenezo, akazi anga aakulu. Manje ndine gaidi."

"Gaidi ndiye chiyani?"

"Wotsogolera alendo kumene kuli mbalame."

"Ooo. Galu wa uzimba, koma wosapatsidwa matumbo."

Anaseka, n'kundipempha mbatata yootcha. Boaz sakwiya, ndi chinthu chimodzi chimene ndimamukondera.

Mbalame amazidziwa ndithu, koma amazidziwira m'kamwa: iyi njonona, iyi njowawa, iyi mafupa okhaokha. Tsono alendo safunsa zimenezo. Maina achizungu analowezako pang'ono, pamene pakuperewera ankadzazapo bodza. Kanthu kakathawa m'masamba, mwina buluzi chabe, iye amagwira mutu n'kunena kuti, "Aaa, mwachedwa pang'ono, inali yosowa kwambiri ija." Alendo n'kumuthokoza. Zimenezi ankandiuza yekha pakhonde panga, akuseka mpaka misozi.

Tsono mvetsera, nkhani yeniyeni ikuyambira apa. Mayi Millicent anamanga nyumba ina pambali pa loji, ya njerwa zootcha, malata, magetsi a dzuwa, mpopi wa madzi pakhomo penipeni. Anati ndi ya wantchito mmodzi wapabanja, kuti paphiri pazikhala munthu nthawi zonse. Oyenera anali awiri, Boaz ndi Shepherd wophika. Mayiwo anayamba kufunsa Boaz, nati akabwera ndi mkazi wake mwezi usanathe, nyumba ndi yake. Akalephera, ilowa m'manja mwa Shepherd.

Boaz anaifuna nyumba ija ngati mpweya. Munthu anatopa kukhala kuseri kwa nkhokwe ya apongozi, kuyetsemula mobisa. Koma amene anaifuna koposa ndi Irene. Mkulu wako khosi linafupika ndi ndowa za ku mjigo, ndipo mjigo wathu ukuudziwa, mzere wake umayamba nkhuku zisanatsike. Atapita kukaona nyumba ija anatsegula mpopi n'kutseka, kutsegula n'kutseka, mpaka Boaz anachita kumukoka.

Koma mkamwini sangonyamula mkazi ngati thumba la mtedza. Pamafunika kupempha chitengwa, eni mbumba alole. Eni ake ndi Goodson, mwana wanga wamwamuna, amalume ake a Irene, ndi Molly mayi wake. Goodson sanavute, Boaz anali atamupatsa chipewa chakale cha ku loji ndipo ankagona nacho. Molly anangoti, "Ndiganize."

Milungu imeneyo tinaona mkamwini amene sitinamuonepo. Mtedza wa amako anakumba yekha. Nkhokwe anaimanganso. Ankagwada n'kuwomba m'manja pakhomo la apongozi ngakhale mulibe munthu, kuti oyandikana nawo akanene. Ndipo Molly anayamba kufewa. Anandiuza yekha tikuthothola mtedza kuti, "Amama, mwina tingowalola, phiri si kutali, mwana akadwala ndikwera." Anagwirizana kuti yankho liperekedwa Lamulungu likudzalo anthu akaweruka kutchalitchi.

Mlungu womwewo ku loji kunafika mzungu wina wokalamba, wa mawondo ofiira ngati tomato, ndi mkazi wake. Ameneyu sankafuna timbalame ting'onoting'ono ayi. Ankafuna chimbalame china chachikulu, chakuda, cha khosi loyera, cha miyendo yaitali, chimene akuti chimayenda m'madambo ngati munthu. Boaz anali asanachionepo kuno chibadwire. Koma atafunsidwa, pakamwa panathamanga.

"Chilipo bwana, m'dambo la m'munsi mwa phiri. Timachiona nthawi zonse."

Anayenda nawo m'dambo lija m'mawa ndi madzulo, mawondo a tomato aja mpaka anatupa ndi udzudzu, chimbalame osaoneka. Mayi Millicent anayamba kumuyang'ana cham'mbali. Boaz anaonda mlungu umodzi womwewo, poti ankadziwa kuti bodza likaululika nyumba ithawa apongozi asanayankhe n'komwe. Lachinayi ndilo linali tsiku lotsiriza la alendowo.

Lachinayi ndi tsikunso la chigwirizano, ndipo njira ya kutchalitchi imadutsa m'mphepete mwa dambo lomwelo. Molly anavala zake za chigwirizano, duku loyera mbee, bulauzi yoyera, siketi yakuda, pamwamba juzi yakuda chifukwa kunali kamphepo. Inali nthawi yokolola, tsekera atatalika kuposa munthu. Zimene ndikuti ndinene ndinazimva mbali zonse ziwiri, kwa wosaka ndi kwa wosakidwa, ndipo sizisiyana.

Molly anaona chipewa cha mkamwini chikubwera patali, alendo ali pambuyo. Monga mwa nthawi zonse, anapatuka msangamsanga, kulowa mu tsekera, kunjuta chofulatira, kudikira kuti adutse.

Boaz anaona udzu ukugwedezeka. Anaima n'kukweza dzanja, alendo nawo phee. Anayika magalasi m'maso. Udzu unali wothithikana, koma pakati pake anaona kanthu koyera pamwamba, kwakuda pansi. Anaganiza kuti Mulungu wamumvera chisoni, walenga chimbalame kuti aphimbe bodza lake. Ananong'oneza mzungu uja, "Ndi chomwecho bwana, musapume."

Anayamba kunyang'ama kulowa mu udzu.

Molly akumva mapazi, koma mapazi sakudutsa, akubwera kwa iye. Anati mwina mkamwini akufuna kupatuka nayenso ndipo wasankha mbali yolakwika. Ndiye anasuntha kulowa m'kati, chowerama kuti mutu usaonekere. Tsono kumeneko kunali matope. Munthu wowerama, manja kumbuyo atagwira buku la nyimbo, akukweza mwendo umodzi m'matope, kuponda, kukweza wina. Boaz anagwira mzungu pamkono.

"Mukuona mayendedwe ake, bwana? Ndi momwemo chimayendera."

Pamenepo nzeru zake zakale za uzimba zinamubwerera. Anatuma mzungu wamwamuna kuti azungulire kumanja, mkazi kumanzere, iye pakati, kuti chimbalame chisakhale ndi kothawira koma kumtsinje. Amako anazingidwa ngati insa.

Molly ataona kuti zinthu zaipa, anachita chimene munthu waulemu amachita pofuna kudziwitsa kuti pano pali munthu. Anatsokomola. Kamodzi, mwaulemu, "Khm-khm."

Mzungu uja maso anatuluka. Ati iye anamva kuti chimbalamechi sichilira kawirikawiri, ndiye lero wamva zosamveka. Boaz anati, "Chachikazi chimalira, bwana, chikamafuna chachimuna. Taimani ndichiyankhe." Ndipo mkamwini anatsokomola kuyankha apongozi ake, "Khm-khm." Molly anatsokomolanso mwamphamvu, mokwiya. Boaz naye anayankha mwamphamvu. Kenaka anayamba kuimba mluzu, kutsotsa milomo ngati akuitana mwana wa galu. Tamiwe, usaseke, lemba. Amako mayi wa chigwirizano, kuimbiridwa mluzu ndi mwamuna wa mwana wawo.

Anathawa chowerama mpaka matope anafika m'mawondo, nsapato imodzi n'kutsalira momwemo. Kutsogolo kunali bango ndi madzi. Kothawira kunatha. Anangokhala pansi n'kutembenuka kuti aone chimene chikumutsatira chotere.

Boaz ankabwera chokwawa ndi mimba, magalasi ali m'maso. Anapatula udzu womaliza ndi dzanja limodzi. Ndipo nkhope ya apongozi ake, imene anali asanaionepo bwinobwino chikwatire, anaiona itadzaza magalasi onse ngati mwezi, mpaka tsitsi la m'mphuno. Kumanja kamera ya mzungu inali ikulira kale, tcha tcha tcha, kumanzere ya mkazi wake chimodzimodzi.

Boaz akuti anapempha nthaka kuti imumeze, koma inangomumeza zigongono. Anavula chipewa, kubisa nkhope m'matope, n'kumawomba m'manja pamwamba pa mutu. "Pepani, pepani, pepani."

Ukuganiza kuti amako analankhula naye? Ngakhale pamenepo ayi. Anayang'ana uku ndi uku kufuna wodzeramo mawu. Sankhani panalibe, Irene panalibe. Panali mzungu wa mawondo ofiira. Ndiye anamuyang'ana n'kunena m'Chinyanja chathu chomwechi, "Bambo inu, muwauze atate ake Sankhani kuti andipezere nsapato yanga."

Mzungu sanamve kanthu. Anatembenukira kwa gaidi wake kufunsa kuti mayiwa akuti chiyani. Boaz, nkhope ili m'matope, anamasulira m'Chizungu. Mzungu anagwedeza mutu, n'kumuuza Boaz m'Chizungu kuti apeze nsapatoyo. Ndiye mwambo unasungika. Boaz anakumba dambo ndi manja mpaka anaipeza, n'kuipereka kwa mkazi wa mzungu, iye n'kuipereka kwa Molly.

Molly sanapitenso kuchigwirizano. Anafikira kwa ine, matope mpaka m'chiuno, duku litapendekeka.

"Amama, andisaka."

Ndinaluma chitenje kuti ndisaseke. Nditapezako mpweya ndinamufunsa, "Nanga iwe bwanji sunangoimirira n'kunena kuti ndine, Molly?"

"Ine? Kulankhula ndi mkamwini?"

"Ndiye kuli bwino kutsokomolerana naye?"

Anatuluka osanditsanzika.

Ku loji nkhani inayenda mosiyana. Alendo aja sanakwiye, anati pa ulendo wawo wonse tsiku limenelo ndiye lopambana. Mzungu atafunsa kuti nanga chimbalame chenicheni chili kuti, Boaz anati chinalipo poyamba, chinauluka nthawi imene ankafuna nsapato. Mayi Millicent anaseka mpaka anakhala pansi, zithunzi anawapempha kuti afafanize, n'kumuuza Boaz kuti nyumba ikumudikirabe. Chotsala chinali Lamulungu.

Tinakhala pansi pa mango kwa Goodson. Boaz anabwera ndi nkhuku yopepesera, tambala woyera wonenepa, ndi nkhoswe yake, mkulu wake Abel wa ku Madzimoyo, atavala tayi. Molly anakhala pamphasa chofulatira, Irene pambali pake. Goodson anali pampando ndi chipewa chake chija.

Abel analankhula bwino, ndisaname. Anati panalibe mwano, inali ngozi ya pantchito. Anati munthu amene amalemekeza apongozi mpaka kusawadziwa nkhope, angawazindikire bwanji mu udzu? Anthu anang'ung'udza movomereza. Ndinaona mapewa a Molly akutsika pang'ono. Akanalekera pomwepo, Irene bwenzi lero akutsegula mpopi. Koma anthu a ku Madzimoyo sadziwa polekezera. Abel anatulutsa magalasi aja m'chikwama.

"Kuti mumvetse, makolo, yesani nokha. Chinthu ichi chimasokoneza maso. Chakutali chimabwera pamphuno."

Goodson anayesa n'kufuula kuti akuona mbuzi ya kutsidya ikutafuna. Ine ndinayesa, ndinangoona mdima ndi nsidze zanga. Kenaka Molly ananena chapansipansi, "Irene, tandipatsa."

Anawayika m'maso n'kuloza kuphiri. Irene anamuthandiza kupotokola kachinthu kapakati. Molly anayang'anitsitsa. Pambuyo pake anatiuza kuti anaona khonde la loji, mlendo akumwa tiyi, mpaka supuni m'kapu. Kenaka anaona nyumba yatsopano ija, khomo lake ndi zenera lake, zonse zitayang'ana kumudzi kuno.

Anatsitsa magalasi pang'onopang'ono. "Irene, funsa amuna ako. Munthu amene ali uko, akayang'ana kuno, amaonanso chimodzimodzi?"

Abel anayesa kumuponda phazi mng'ono wake, koma anachedwa. Boaz atamva funso la ntchito yake anaiwala kuti ali pamlandu. Anadzutsa mutu, chifuwa patsogolo.

"Kuposa pamenepo! Uwauze amayi, amake Sankhani, kuti kuchokera pamwamba ndiye zimaoneka bwino koposa. Pakhonde la nyumba ija mudzi wonse umakhala ngati uli padzanja. Nkhuku ili pachisa umaiona. Ngakhale sopo wa m'bafa umamuona kuti watsala pang'ono."

Tambala yekha ndiye analankhula.

Mabafa athu ukuwadziwa, mpanda wa udzu, pamwamba pali Mulungu yekha. Amayi onse amene anali pamenepo ndinawaona akukoka zitenje kufikitsa m'khosi. Mkazi wa Goodson anafunsa kuti, "Sopo wa m'bafa ya yani?"

Boaz anazindikira mochedwa. "Sindiye kuti ndimayang'ana ayi, ndimangodutsitsa maso pofuna nkhwali..."

"Khala chete," anatero Abel.

Molly anayika magalasi pamphasa ngati akuyika njoka yakufa. Mawu ake anatuluka ozizira.

"Irene, uwauze amuna ako kuti nkhuku ndalandira. Za m'dambo zatha, sindidzazitchulanso. Koma mwana wanga sakakhala pamwamba pa mutu wanga ndi munthu wa maso anayi. Ngati chitengwa akuchifuna, ndalola, apite nawe ku Madzimoyo, kuseri kwa mapiri. Kuphiri ili ayi."

Ku Madzimoyo Boaz alibe nyumba, alibe munda, ndipo ntchito ya ku loji sangaiyendere kuchokera kumeneko. Aliyense ankadziwa, Molly yemwe ankadziwa.

Irene anagwada pamaso pa amake. "Amama, bafa tifolera. Mawa lomwe tifolera."

"Nanga pakhonde? Nanga kumunda? Ndikafuna kukanda pamsana ndiziyamba ndayang'ana kuphiri? Ndizikhala ngati mwanapiye, kabawi ali pamwamba?"

"Masana onse amakhala komweko kale, amama, magalasi ali nawo kale. Chisintha n'chiyani?"

"Masana ali pantchito, ali ndi bwana. Akakhala pakhomo pake, pampando pake, adzamuletsa ndani?"

"Amama, taonani khosi langa. Madzi aja ndimatunga ine, inu simupita kumjigo."

Pamenepo ndinalowererapo. Ndinati, "Molly, zimene ukubisazo ndinasambitsa ndine, palibe chodabwitsa. Ndani angasiye nkhulukulu ya mapiko ofiira n'kumayang'ana iwe? Mlole mwana akamwe madzi a pampopi." Anthu anaseka, Molly sanaseke. Anati, "Amama, mwana ndi wanga." Tonse tinayang'ana kwa Goodson, mwini mbumba, kuti anene mawu. Goodson anavula chipewa, kuchiyang'ana m'kati ngati yankho lili momwemo, n'kunena kuti nkhani za amayi n'zovuta. Mwamuna amene ndinabala ine ameneyo.

Mwezi unatha. Nyumba analowa Shepherd ndi mkazi wake, amene tsopano ananenepa m'khosi ngati njiwa. Shepherd nayenso amabwereka magalasi a alendo akamaliza kuphika, timamuona pakhonde paja dzuwa likamapendeka, akuloza kuno. Nditamuuza Molly anati zimenezo zilibe kanthu, Shepherd si mkamwini wake. Komabe mabafa onse a m'mudzi muno anafoleredwa mlungu umodzi, ndipo wofolera anali Boaz, udzu womweta yekha, poti amayi anagwirizana kuti amene anaona sopo ndiye atseke.

Irene sanalire masiku ambiri. Mkulu wako si wolira, ndi wowerengera mumtima. M'mawa wina anatulutsa zigubu zonse za m'nyumba, kuzimangirira pa njinga, n'kudzutsa mwamuna wake.

"Atate ake Sankhani, munandilonjeza mpopi."

"Nanga ndichite bwanji, amake mwana, poti amayi akana?"

"Amayi anali atalola. Munakana ndinu, ndi pakamwa panupo. Ndiye kuyambira lero mpopi ndinu."

Mpaka lero Boaz asanakwere phiri amayamba waima pamzere wa kumjigo, yekha mwamuna pakati pa amayi, atavala kale khaki wake, chipewa kumutu. Amapopa osadandaula, nthawi zina akuimba nyimbo za kwaya chapansipansi. Amayi aja samusiya. Pakangodutsa nkhalamba iliyonse yovala duku, wina amamugwira pamkono n'kunong'ona, "A gaidi, musapume. Ija ndi mbalame yanji?"

Iye amayang'ana ndithu, mofatsa, n'kuyankha kuti, "Imeneyo musaiyandikire, amayi. Njowawa."